Kusankhira Asungwana Athu Mabuku a Mbiri ya Akazi Omveka

 Ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanalowe m'kalasi, cotero ndiima pano monga mwana wotumidwa, osati monga wodziwa koposa. Funso limene anandipatsa ndi ili: pamene mkulu wa sukulu atipatsa ndalama zokwanira mabuku atatu kapena anai okha, ndipo tifuna kuti msungwana wa zaka 10 kufikira 12 awerenge za moyo wa mkazi womveka, tidzagula ati?

Tonse tidziwa cimene cicitika pa msinkhu umenewu. M'Giredi 5 asungwana ali ambiri, ndipo ena apambana anyamata. Koma pofika Giredi 7 mabenchi ao ayamba kuoneka mipata. Wina watha msinkhu, wina alera ana a mkulu wace, wina amnenera ukwati. M'caka ca 1997 Boma linalola kuti msungwana wotenga pakati abwerere ku sukulu atabala, ndipo m'caka ca 2023 linaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Malamulo awa ngabwino, koma lamulo silingabzale cilakolako mu mtima wa mwana. Iye afuna kuona munthu amene anapita kale pa njirayo. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Ine ndikatenga buku lotere, ndiyamba kuyang'ana kuti wolembayo wapatsa masamba angati ku ubwana wa munthuyo. Mabuku ambiri athamangira ku ulemu ndi mphotho, nasiya ubwana m'mizere iwiri. Koma mwana wa zaka 11 sadziwa kulemera kwa mphotho ya Nobel. Cimene adziwa ndico kutunga madzi. Tengani Wangari Maathai wa ku Kenya, amene anabadwa m'caka ca 1940 m'dera la Nyeri. Sanayambe sukulu kufikira anali ndi zaka 8, ndipo anapita cifukwa mlongo wace anafunsa amai ao kuti nanga uyu alekeranji kupita pamodzi ndi ife. Ali mwana ankatunga madzi pa kamtsinje ka pafupi ndi kwao, naseweretsa mazira a acule. Atakula anaona kuti mitengo yatha ndi mitsinje yaphwa, ndipo m'caka ca 1977 anayamba kusonkhanitsa amai a m'midzi kuti abzale mitengo. Msungwana wa ku Katete kapena ku Petauke, amene ayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni, akamva izi sayesa kuti ndi nthano ya kutali. Pamenepo mukamuuza kuti mai ameneyu analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2004, mphothoyo ikhala ndi tanthauzo, pakuti mwanayo waona kumene inacokera.

Koma cenjerani. Buku limene Maathai analemba yekha, lochedwa Unbowed, ndi la akulu, ndipo Cingerezi cace ncolimba. Alipo mabuku ang'ono a zithunzi onena za iye, monga la Jeanette Winter ndi la Claire Nivola. Amenewo mwana angathe kuwerenga yekha. Lalikululo likhale la mphunzitsi, kuti atengemo nkhani nazifotokoza m'Cinyanja. Njira yoyesera ndi yapafupi: mwana awerenge tsamba limodzi mokweza, napinda cala pa liu liri lonse limene salidziwa. Zala za dzanja limodzi zikatha tsambalo lisanathe, bukulo lidzagona m'bokosi kufikira ciswe cilipeza.

Cina cimene ndifuna m'buku ndico kunena zoona. Alipo olemba amene asandutsa munthu kukhala mngelo: sanakwiye, sanalephere, sanaope. Mwana wocenjera akawerenga zotere angoti, ameneyu sanali munthu monga ine, natseka buku. Cifukwa cace ndikonda mbiri ya Helen Keller wa ku America, amene anabadwa m'caka ca 1880, nakhala wakhungu ndi wogontha asanakwane zaka ziwiri. Iye mwini afotokoza kuti anali mwana waukali ndi wobvuta, amene tsiku lina anatsekera amai ace m'kacipinda kosungiramo zakudya, nakhala panja akuseka. Mphunzitsi wace Anne Sullivan anafika m'caka ca 1887, ndipo mwanayo anazindikira kuti cinthu ciri conse ciri ndi dzina pamene madzi a pa mpope anali kutsanuka pa dzanja lace limodzi, mphunzitsi alikulemba liu la madzi pa linzace. Ana akonda nkhani iyi, makamaka aja amene ife tiwayesa opulupudza. Ndipo ife aphunzitsi tiwerenge bukuli tiri ceru, pakuti munthu waciwiri m'nkhaniyi anali wa nchito yathu, ndipo anali ndi zaka 20 zokha.

Momwemonso mbiri ya Marie Curie isayambe ndi mphotho zace ziwiri za 1903 ndi 1911. Iyambe ndi zaka zimene anagwira nchito yophunzitsa ana m'nyumba za eni cuma ku Poland, natumiza ndalama kwa mkulu wace amene anali kuphunzira zaudokotala ku Paris, iye mwini alikudikira nthawi yace. Asungwana athu adziwa bwino kudikira kuti wina ayambe watsiriza.

Kunena zoona sikutanthauza kusenzetsa mwana katundu woposa msinkhu wace. Buku la Anne Frank, msungwana waciyuda amene anabisala zaka ziwiri ku Amsterdam namwalira m'ndende ya Bergen-Belsen m'caka ca 1945, ndi buku lalikulu. Koma ine ndingalisungire a ku sekondale, amene aphunzira kale za nkhondo imeneyo. Za Malala Yousafzai wa ku Pakistan ndiganiza mwina. Inde, anamuombera mfuti m'caka ca 2012 pocokera ku sukulu, ndipo ena a inu mudzati nkhaniyi njoopsa. Koma anayamba kulemba za kutsekedwa kwa sukulu za asungwana ali ndi zaka 11, msinkhu weniweni wa ana athu, ndipo anacira napitiriza maphunziro. Buku lace I Am Malala liri mitundu iwiri. Gulani lija anakonzera ana m'caka ca 2014. Ndipo buku liri lonse muyambe mwaliwerenga inu eni, kufikira tsamba lomariza, kuti kholo likadza kudzafunsa mukhale ndi coyankha.

Mabuku osonkhanitsa akazi ambiri, monga Good Night Stories for Rebel Girls limene lipatsa mkazi ali yense tsamba limodzi la mau, ali ngati kulawa ndiwo pa cikombe. Athandiza mwana kupeza amene amkonda, koma sakhutitsa. Limodzi likwanira sukulu yonse.

Tsono ndifika pamene pandiwawa. Onse amene ndawachula ndi a maiko ena. Mwana akawerenga za akazi a kutali okha-okha, pang'ono ndi pang'ono aphunzira cinthu cimene sitinafune kumphunzitsa, cakuti ukulu ubadwira kutsidya kwa nyanja. Koma mukalowa m'sitolo ya mabuku kufuna kabuku ka ana konena za mkazi wa m'Zambia, kawiri-kawiri mudzaturuka cimanjamanja, ndipo m'Cinyanja ndiye kobvuta koposa. Sikuti akaziwo palibe. Mama Julia Chikamoneka anali mai wamba wogulitsa zakudya mu Lusaka, wosaphunzira kwambiri, amene ankayenda usiku alikuliza citini ca miyala kuitanira anthu ku misonkhano ya ufulu. M'caka ca 1960, pamene nduna ya ku Britain Iain Macleod inafika mu Lusaka, iye ndi amai anzace anabvula zobvala za kumtunda pamaso pace. Mphunzitsi wina adzacita manyazi ndi mbali imeneyi nafuna kuidumpha. Ine nditi tisaidumphe, koma tiifotokoze monga agogo athu aidziwira: mai wamkulu akacita cotero sacita cipongwe, koma aonetsa kuti cisoni cafika posapiririka. Aliponso Irene Mambilima, wobadwira m'boma la Chipata m'caka ca 1952, amene anakhala mkazi woyamba kutsogolera oweruza onse a dziko lino kuyambira 2015 kufikira imfa yace m'caka ca 2021. Msungwana wa kuno kum'mawa ayenera kudziwa kuti mai ameneyo anamwa madzi a kwathu konkuno.

Popeza mabukuwo asowa, tiwalembe ndife. Sindinena buku losindikizidwa; ndinena masamba awiri a m'kope, olembedwa bwino m'Cinyanja, okhala ndi zaka zoona zimene tazitsimikiza, osati zongomva. Ndipo tisaime pa omveka m'nyuzipepala. Pafupi ndi sukulu iri yonse pali mzamba wokalamba amene analandira theka la mudzi m'manja mwace, kapena mai amene anali woyamba pa mudzipo kukhala namwino. Tumani asungwana awiri-awiri akakhale pa mphasa ndi amai otere, atayamba kupempha cilolezo, akafunse za ubwana wao nalembe. Anyamata nao awerenge masamba amenewa. Sindiona cifukwa cakuti mbiri ya amuna iwerengedwe ndi onse, koma ya akazi ndi asungwana okha.

Cotero, a Wapampando, pa ndalama zija za mabuku anai ine ndingagule la Maathai la zithunzi, la Keller, ndi la Malala la ana. Yotsalayo ndingagulire makope ndi ulusi wosokera. Ndipempha kuti pa msonkhano wathu ukudzawo sukulu iri yonse ibwere ndi mbiri imodzi yolembedwa, kuti tidzasinthane ndi kukoperana.