Mawu a Aphunzitsi a M'midzi: Za Kujomba kwa Ana

Abusa, akulu a mpingo, alaliki, amayi a Chigwirizano, ndi inu nonse abale okondedwa mwa Ambuye: ife aphunzitsi a m'midzi tapatsidwa kanthawi kakang'ono pa tsiku lalikulu ili la jubili, ndipo tifuna kunena chinthu chimodzi chokha, ndicho kujomba kwa ana kusukulu.

Tiyambe takumbuka kumene tinachokera. M'chaka cha 1889 Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba ntchito pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo m'chaka cha 1896 ntchitoyo inafika ku Nkhoma. Masiku amenewo m'midzi nyumba ya sukulu ndi ya mapemphero inali imodzi, yamitengo ndi udzu, ndipo mphunzitsi ndiye analinso mlaliki. Makolo athu anayamba kulemba ndi chala pamchenga. Tsono pamene Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, linapeza anthu olidikira, odziwa kale kuwerenga.

Nanga ife lero? Kuyambira chaka cha 1994 fizi inachotsedwa m'sukulu za pulaimale za boma, koma taonani, malo a ana ambiri akhala opanda eni ake. Kaundula wathu sanama. Tikamtsegula tiwerengamo nyengo zonse za chaka. Mvula ikagwa, ana ali kumunda kupalira ndi kubandira. Fodya akakhwima, ali m'chigafa kusoka. Tsiku la msika, ali pamsewu ndi lichero la zitumbuwa. Mnyamata aweta mbuzi, mtsikana alera khanda, ndipo ife tiitana mayina osamva wovomera.

Kapena wina adzati, Tsiku limodzi lokha liwononga chiyani? Abale, tiwerenge pamodzi. Masiku a sukulu pa sabata ali 5. Mwana wojomba tsiku limodzi sabata iliyonse, zikatha zaka 5 wataya chaka chathunthu. Ndipo sataya masiku okha ayi, pakuti maphunziro ali ngati kumanga nyumba ya njerwa: mzere uliwonse ukhala pa unzake. Lolemba tiphunzitsa lemba, Lachiwiri tililumikiza ndi lina, Lachitatu tipanga mawu. Iye amene sanabwere Lolemba afika Lachitatu ngati mlendo. Anzake akawerenga iye angoyang'ana pansi, manyazi amgwira, ndipo mawa lake abisala kudambo.

Tinali naye mnyamata wina wanzeru ndithu, amene pa masamu sanapitiridwe ndi mnzake. Chaka ndi chaka atate ake anamtenga nyengo ya fodya, nati, Abwera ntchito ikatha. Anabwereza kalasi kawiri, nakula msinkhu pakati pa tiana, naleka. Lero ali ndi banja lake. Tsiku lina anadza kwa ife madzulo, anthu atalowa m'nyumba, kuti timwerengere pepala lakuchipatala la mwana wake. Tinamwerengera, koma mitima yathu inawawa, pakuti ifenso sitinapite kwa atate ake nthawi ikadalipo.

Sitinena izi monga osadziwa mavuto. Ifenso tili ndi minda, ndipo njala ya mwezi wa February tiidziwa. Mwana akadwala, kapena mtsinje ukadzala, palibe mlandu. Koma kumtuma mwana kuchigayo m'mawa, pamene akadatha kupita atawerukako, kumeneko ndiko kudya mbewu yosungira kubzala.

Chifukwa chake tipempha zinthu zitatu. Inu makolo, ntchito ya mwana ikhale yamadzulo ndi ya Loweruka. Ndipo akalephera kubwera, titumizireni mawu. Inu alaliki ndi akulu a mpingo, poyendera nkhosa zanu funsaninso za sukulu, pakuti mwana wosadziwa kuwerenga adzavutika ndi Katekisimu m'kalasi lanu. Inu nonse, mukakomana ndi mwana panjira nthawi ya sukulu, musampitirire. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nafenso aphunzitsi tilonjeza pamaso panu kuti sitidzachedwa kapena kusiya ana okha, ndipo mwana akasowa masiku atatu tidzafika pakhomo panu.

M'mera mpoyamba, abale. Iwo amene adzaimirira pano pa jubili ikudzayo, kuwerenga Mawu ndi kutsogolera nyimbo, ndiwo tiana tomwe takhala pamphasa patsogolopa. Mulungu amene anatsogolera makolo athu atithandize kuwasunga.