Kutsazika Mwini Munda Nyengo ya Lendi Ikatha

Lero ndifuna kukamba nanu za munda wa lendi, makamaka za nthawi imene wobwereka ayenera kupita kwa mwini munda kukanena kuti, "Caka camawa sindilimanso," kapena kuti, "Ndifuna kulimanso."

Kuno kwathu nkhani ya kukhala pa malo a wina siyacilendo ai. Agogo athu anaona thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero, kumene kunabuka nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Lamulo la 1928 linalola mwini esiteti kucotsa banja limodzi pa mabanja khumi aliwonse pakapita zaka zisanu, osanena cifukwa. Thangata inathetsedwa mu 1962. Masiku ano mwini munda ndi mnansi wanu, mumapemphera naye ndi kukumba naye manda. Tsono musamcite zimene agogo anu anadandaula nazo, ndipo iyenso asakuciteni.

Milandu yambiri ya minda ya lendi imabadwa cifukwa ca kukhala cete. Wobwereka akolola cimanga mu Epulo kapena Meyi, natuta, osanena kanthu. Mwini munda aganiza kuti mnzaceyo adzabweranso, nakana ena ofuna malowo. Mvula yoyamba igwa mu Novembala, munda uli thengo, ndalama palibe. Kapena ziri mwina: mwini munda aona kuti mnzace wangoti zii, nalandira ndalama kwa munthu wina, ndipo mu Okutobala makasu awiri akumana pa mzere umodzi.

Cifukwa cace nditi, kanenani pa nthawi yokolola cimanga. Musadikire kuti mitambo iyambe kuda. Mwini munda akamva mu Meyi ali ndi miyezi yokwanira kupeza wina, kapena kukwirira mapesi ndi kugalauza yekha. Inunso muli ndi nthawi yofuna munda wina musanagule feteleza.

Tsono pali nandolo. Apa ndi pamene anthu amatukwanirana. Nandolo mumabzala pamodzi ndi cimanga, koma amakhwima mocedwa, mu Ogasiti kufikira Okutobala. Mukati "ndasiya munda" mu Meyi, kodi nandolo ali ciriri m'mundamo ngwa yani? Wobwera watsopano afuna kupanga mizere yace, adzazula; ana a mwini munda adzathyola ndiwo; mbuzi nazo zamasulidwa. Potsazika nenani momveka kuti, "Munda ndidzatuluka nditathyola nandolo wanga, mwezi wakuti." Comweco ndi cinangwa ndi mbatata. Ine kuona kwanga, cinangwa musabzale konse pa munda wa caka cimodzi, pakuti cimakhalitsa m'nthaka.

Za manyowa amene munathira musayembekeze kubwezeredwa, pokhapo ngati munapangana poyamba. Koma musacite nkhanza poti mukucoka: kutentha mapesi, kugumula akalozera, kudula mitengo ya m'malire. Mbiri yotere imayenda msanga kuposa minibasi ya ku Limbe, ndipo caka cinaco palibe adzakubwerekani.

Kodi mukatsazike kwa yani? Kwathu kuno munda umayenda ndi mbumba. Kawirikawiri mwini wace ndi mai wa pa mudzipo, osati mkamwini. Mau onenedwa kwa mkamwini pa msika kapena pa mowa safika. Pitani kunyumba masana, mukalankhule ndi maiyo, ndipo mwini mbumba adziwe. Ngati pali ndalama yotsala ya lendi, perekani pomwepo, mboni ziwiri zikuona.

Inu anyakwawa, gulani kabuku ka sukulu kamodzi. Lembanimo dzina la mwini munda, la wobwereka, malire, ndalama, mbeu zimene adzabzala, ndi mwezi wotuluka. Tsiku lotsazika mulembenso, onse awiri asaine kapena adinde cala. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu. Kumene komiti yayamba kale nchito, aonetseni kabukuko. Ndipo mwini munda akafuna malo ace, nayenso anene pa nthawi yomweyo ya kukolola, pamaso panu. Wina akabwera kwa inu mvula itagwa, mbeu za mnzace ziri m'nthaka, muuzeni adikire mpaka mnzaceyo atakolola.

Amene mufuna thandizo pa kalembedwe ka panganolo, onanani ndi mlangizi wa m'dera lanu ku ofesi ya zaulimi ya Mbulumbuzi.