Bwanji munthu akangokhala pa mpando amasintha?



Mutu umene munandipatsa ndi wakuti, n'chifukwa chiyani anthu akakhala pa udindo amayamba katangale? Nditaulandira ndinasangalala, ndinati apa ndiye ndikawanena andale mpaka kukhosi kuyere. Koma nditakhala pansi kuti ndilembe, munthu woyamba kubwera m'mutu mwanga sanali nduna kapena phungu ayi. Ndinali ine ndemwe. Ndiye mundilole ndiyambe ndi kudziulula.

Ndili Folomu 3 anandisankha kukhala pulifekiti wa kudayiningi pa sukulu yogonera komweko imene ndinaphunzira. Amene munakhalako kusukulu zoterezi mukudziwa: nyemba Lolemba, nyemba Lachiwiri, nyemba mpaka Lachisanu, nyama kamodzi pa sabata, kanthuli kamodzi munthu aliyense. Ndisanasankhidwe, ine ndi amene ndinkalalata kwambiri kuti mapulifekiti akutidyera nyama. Pokopa anzanga ndinalonjeza kuti ine ndikalowa zimenezo zitha. Ndipo sindinkanama, ndinkakhulupiriradi zimene ndinkanenazo.

Sabata yoyamba ndinaima pamzere ngati wina aliyense. Sabata yachiwiri bambo wina wophika anandikodola n'kunena kuti, "Bwana, mbale yanu ili kuno." M'mbalemo munali nthuli zitatu. Ndinadziuza kuti paja ine ndimagwira ntchito, anzanga akamadya ndimakhala chiimire kuyang'anira mzere, ndiye cholakwika palibe. Kenako mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anati, "Aise, watiiwala ife eti?" Nthuli zija zinakhala zisanu. Kenako mwana wa Folomu 1 anayamba kundibweretsera shuga kuti ndizimulowetsa kutsogolo. Pofika teremu yachitatu ana omalizira pamzere ankapeza msuzi wokhawokha, ndipo ine ndinali ndi yankho lokonzeratu: "Nyama yabwera yochepa sabata ino."

Palibe tsiku limene ndinadzuka n'kunena kuti lero ndiyambe kuba. Sitepe iliyonse inali yaing'ono, ndipo iliyonse inali ndi chifukwa chomveka bwino m'mutu mwanga. Chimene ndimachiona tsopano ndi ichi: pasukulu yonse ija, amene ankadziwa makilogalamu a nyama imene yabwera tinali awiri basi, ine ndi wophika uja. Ana ena onse ankangomva za ife. Ndipo amene akanafunsa ankandiopa, chifukwa ndine ndemwe ndinkalemba maina a opatsidwa chilango chokatchetcha udzu. Wogawa ndine, wowerenga ndine, wolanga wodandaula ndinenso. Muikepo munthu wina aliyense pamenepo, kaya ndi wa kwaya kaya ndi wa mapemphero a m'mawa, muone ngati angathe chaka ali chimodzimodzi.

Akuluakulu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Masiku ano anthu amaunena mwambi umenewu akuseka, ngati chilolezo choti wapaudindo adyeko basi. Ine ndimaumva mwina. Ngati mbuzi yadya chimanga, tifunsenso kuti chingwe chake chinali chachitali bwanji, nanga mwini munda anali kuti.

Tsopano tichoke kudayiningi tipite ku Capital Hill. Ambiri a ife tinali kupulayimale pamene nkhani ya Cashgate inaphulika mu 2013, tinkangomva makolo akuikamba pa wailesi. Pa 13 September chaka chimenecho, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pofika kunyumba kwake ku Area 43 ku Lilongwe, koma anapulumuka. M'masabata omwewo apolisi anayamba kupeza ogwira ntchito m'boma ali ndi mipukutu ya ndalama m'nyumba ndi m'mabuti a galimoto. Kampani yofufuza za chuma ya Baker Tilly itaunika mabuku, inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuchokera April mpaka September 2013.

Ankaba bwanji? Boma limalipira ndalama kudzera pa makina a kompyuta otchedwa IFMIS. Anthu odziwa makinawo ankalembamo kuti kampani yakutiyakuti yagwira ntchito kapena yabweretsa katundu, pomwe sinabweretse ngakhale bolopeni imodzi. Cheke chinkatuluka, ndalama n'kukatapidwa kubanki, kenako ankabwerera m'kompyuta muja n'kufufuta zonse ngati sipanachitike kanthu. Mwaiona nyama ya kudayiningi ija? Wolemba ndi yemweyo, wolipira ndi mnzake, wofufuta ndi yemweyonso. Kusiyana kwake n'kwakuti apa omalizira pamzere anali dziko lonse. Maiko amene ankatithandiza, omwe pa nthawiyo ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti ya boma, anaimitsa thandizo lawo. Amene anavutika si akuba aja ayi, ndi mayi amene anapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala akagule yekha.

Pali anzanga amene amati vuto ndi umphawi, malipiro ndi ochepa. Sindikutsutsa kwenikweni. Munthu amene malipiro ake amatha pa 10 mwezi usanafike n'pakati pomwe, ukamusiya pa tebulo pomwe anthu akupempha chithandizo, tsiku lina adzanena kuti "ya fanta ilipo?" Koma taonani amene khoti linawapeza olakwa. Woyamba kupezeka wolakwa pa milandu ya Cashgate anali Treza Senzani, mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, amene analamulidwa kukhala kundende zaka zitatu mu 2014. Oswald Lutepo, wabizinesi, anapatsidwa zaka 11 mu 2015 pa mlandu wa K4.2 biliyoni. Anthu amenewa sankagona ndi njala. Inenso kudayiningi kuja sindinkafa ndi njala, nsima ndinkakhuta. Njala imafotokoza za fanta ija, koma mabiliyoni sangafotokozedwe ndi njala.

Apa ndiye ndifike pa mbali imene sitikonda kuimva, chifukwa ikukhudza ifeyo. Mwana wa m'mudzi mwathu akapeza ntchito m'boma, timamuona bwanji? Mwezi woyamba amalume aimba foni, feteleza. Azakhali aimba, fizi ya ana. Kumpingo amuika pa mndandanda wa alendo olemekezeka pa tsiku la chopereka. Akatha zaka zisanu osamanga nyumba, osagula galimoto, timayamba kumuseka: "Amene uja ndi wogona, anzake amene analowa nawo limodzi ali ndi mapuloti atatu." Munthu wokhulupirika timamutcha wopusa, wakuba timamutcha wochangamuka, ndipo pa ukwati timamukhazika kutsogolo. Ine mnzanga uja atati "watiiwala ife", sindinaone ngati akundipempha kuti ndibe. Ndinaona ngati akundikumbutsa za ubale.

Kwa aphungu ndiye zimafika poipa. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kutiyankhulira ku Nyumba ya Malamulo ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Koma ife timamuyeza ndi mabokosi a maliro amene wagula, ndi galimoto imene watumiza kukatenga odwala. Nthawi ya kampeni timafuna zitenje, matisheti ndi kangachepe kam'manja, ndipo achinyamata ngati ife ndi amene timakwera malole kukaimba. Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, koma inu nomwe munaona ndi maso zimene zimachitika. Tsono munthu wawononga mamiliyoni kuti apambane, ena mwa iwo ndi ngongole kwa abizinesi. Mukuganiza kuti akalowa adzazibweza kuchokera kuti? Wabizinesi uja akubwera kudzafuna kontirakiti yake, ndipo mlatho umene adzamange ndi umene udzakokoloke mvula yoyamba.

Sindikunena kuti wakuba alibe mlandu, chonde musandimve molakwa. Alipo anthu amene amakhala pa mipando yomweyo, amalume awo amaimbanso foni, koma sakhudza ndalama ya boma. Kuba ndi chisankho cha munthu. Ine ndinasankha ndekha kulandira mbale ija. Chimene ndikunena n'chakuti sitingamange dziko pongoyembekezera kuti tidzapeza angelo.

China chimene mpando umachita, umachotsa anthu okuuza zoona. Ukangokwera, amene ankakutchula dzina amayamba kuti "bwana". Nthabwala zako zonse zimayamba kuseketsa. Amene akuona cholakwika amayamba wawerenga kaye: ndikayankhula, ntchito yanga itha, kapena andisamutsira kutali. Amangoti chete, ndipo iwe umayesa kuti chete ameneyo ndi kuvomereza. Bungwe la ACB lilipo, lamulo lolikhazikitsa linapangidwa mu 1995. Lamulo lotipatsa ufulu wopempha ndi kuona zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma ndifunse, muno ndani anapitako ku khonsolo kukafunsa kuti ndalama za CDF za dera lathu zagwira ntchito yanji? Inenso sindinapiteko. Lamulo likhoza kukhalapo, koma ngati palibe wofunsa limangogona m'kabati.

Za ine zinatha chonchi. Mtsikana wina wa Folomu 2, wamng'ono thupi, anaimirira pa msonkhano wa ophunzira n'kupempha kuti nyama ikabwera iziyezedwa pa sikelo pamaso pa ana awiri osankhidwa ndi kalasi, ndipo nambala izilembedwa pa bolodi. Sananditchule dzina, sananditukwane. Ndinamuda sabata yonse. Koma kuyambira pamenepo nthuli zinayamba kukwanira mpaka kwa womaliza, ndipo chodabwitsa n'chakuti inenso ndinapepukidwa. Mnzanga akabwera ndinkangomulozera pa bolodi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiye ndibwere kwathu kuno. Mwezi wamawa tikusankha komiti yatsopano. Tili ndi ndalama za zopereka za mwezi ndi mwezi, tilinso ndi zimene tinapeza titagulitsa nkhuku zija. Ndikufunseni, kupatula msungichuma, ndani muno angatchule kuti m'thumba la kalabu muli zingati lero? Ine sindingathe. Sindikuti asisi athu asunga molakwika, musayang'anane choncho, ndipotu ntchito imeneyi amaigwira popanda malipiro. Ndikuti tawasiya okha ndi chingwe chachitali, ndipo si chilungamo kwa iwo kapena kwa amene adzalowe m'malo mwawo. Tsiku lina kunyumba kudzagwa matenda, adzabwereka K5,000 ali ndi mtima wonse wobweza, ndipo palibe adzadziwe. Ine ndikudziwa mmene zimayambira.

Pempho langa kwa a Wapampando ndi lakuti tisanavote tigwirizane zinthu izi n'kuzilemba m'malamulo athu. Buku la ndalama liziwerengedwa mokweza pa msonkhano woyamba wa mwezi uliwonse, ndipo chithunzi cha tsambalo chiziikidwa pa gulu lathu la WhatsApp. Ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusayina, ndipo awiriwo asakhale pachibale kapena pachibwenzi (inde, ndanena). Chilichonse chogulidwa chibwere ndi lisiti, ngakhale chitakhala choko. Ndipo membala akafunsa za ndalama, tisamuyankhe kuti "ukutiganizira zakuba?"

Ena mwandifunsa ngati ndiimire pa udindo wa msungichuma. Ndiima, koma pokhapokha mfundo zimenezi zitadutsa kaye. Zikakanika, dzina langa musalilembe, chifukwa munthu amene anadya nthuli zisanu uja ndimamudziwa bwino kuposa inu.