Pepala la Malo: Funsani Musanatulutse Ndalama

 Lero sindikulankhula za feteleza kapena msewu. Ndikulankhula za nthaka imene mwakhalapoyi.

Ine ndinali wamalonda, wogulitsa nsalu ndi sopo m'misika. Chaka china ndidagula puloti pa tauni yaing'ono kuti ndimange golosale. Wogulitsayo adandionetsa pepala la chidindo, ine n'kuwerenga ndalama. Nditaumba njerwa, kudabwera bambo wina ndi pepala lakenso, la malo omwewo! Titapita ku ofesi ya za malo, m'kaundula mudapezeka dzina lake, langa ayi. Mpamba wa zaka zitatu udapita. Safunsa adadya phula, ndipo wadya phulayo ndi ine ndaima panoyu.

Nkhani ya mapepala si yalero. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston adapereka zikalata za malo kwa azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Agogo athu adali ndi manda ndi minda pamalopo, koma pepala adalibe. Zotsatira zake mukuzidziwa: thangata, ndi kuwukira kwa John Chilembwe mu 1915. Titalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 lidapatsa nduna mphamvu yopereka lizi pa malo a makolo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, maesiteti a fodya adadzaza ku Kasungu ndi ku Mchinji. Kodi anthu am'midzi adaona kaundula? Akadafunsa ndani masiku amenewo?

Mu 1993 ine ndinali mwana, koma ndikukumbukira makolo athu ali pamzere pa 14 June kukasankha nyali. Nyali ntchito yake n'kuunika. Tsono tiyeni tiunikire mapepala.

Kuli ntchito yofufuza umwini wa malo. Amaigwira ndi akalaliki a ku ofesi ya za malo, maloya ndi anthu oyeza malo. Malo akakhala olembetsedwa pansi pa lamulo la 1967, tsamba lake m'kaundula lili ndi zigawo zitatu. Choyamba chimanena malowo: nambala yake, kukula kwake, ndi kumene ali. Chachiwiri chimanena mwini wake. Chachitatu, ndipo apa tcherani khutu, chimanena zomangirira malowo: ngati adaikidwa chikole ku banki, kapena ali pa lizi. Munthu atha kukhala mwini wake weniweni, koma malowo ali m'manja mwa ngongole. Mukagula, mwagula ndi mlandu womwe.

Ndiye munthu akabwera ndi pepala, musachite mantha ndi chidindo. Lembani nambala ya malowo. Pitani ku ofesi ya za malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mukapemphe kuti akufufuzireni. Mulipira kandalama, ndipo mutenge lisiti. Onani ngati dzina la m'kaundula ndi lomwelo lili pa chiphaso cha wogulitsayo. Ngati ndi lizi, funsani idayamba liti ndipo itha liti. Ngati mwini wake adamwalira, funsani kalata yosonyeza amene adapatsidwa mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye. Mukatha apo, bwererani pamalopo, muyende malire onse ndi mapazi anu, muone mabikoni, mufunse oyandikana nawo. Pepala limanena zina, nthaka imanenanso zake. Ziwirizi zigwirizane.

Nanga ife a m'minda ya makolo? Lamulo la 2016 lidatsegula njira yoti banja lilembetse munda wake, kudzera m'komiti ya m'mudzi yotsogozedwa ndi gulupu, ya anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amayi. Amayi, mwamva? Olembetsa akafika, musatsalire ku mtondo. Imani pamalire a munda wanu, mumve dzina limene likulembedwa. Mukapanda kuwerenga, tengani mwana wa sukulu akuwerengereni mokweza. Osadinda chala pa pepala limene simudalimve.

Ndipo inu amene mumafuna voti yathu, kuphatikizapo ife a chipani chotsutsa, anthu atifunse: kodi kaundula wa malo adzayandikira liti pa boma lathu pano, kuti mlimi asagulitse mbuzi pofuna kungoona tsamba limodzi?

Bwererani kwanu, mukatulutse mapepala m'masutukesi, mukawaunike.