Sanza, palafini ndi sitima yakale

Loweruka lapitali tinali ndi mlendo, mkulu wathu amene anali membala wa kalabu ino asanapite kukagwira ntchito ku Britain. Ambiri simunafike chifukwa cha mvula, choncho tinawapempha kuti atipatse zimene analankhula. Nazi, werengani mpaka kumapeto chifukwa kuli pempho.

Zikomo a wapampando, a komiti, ndi inu nonse achimwene ndi achemwali anga. Ndikuona nkhope zambiri zatsopano. Ena mwa inu munali kusukulu ya mkaka pamene ndinkachoka.

A wapampando atandiimbira foni anandiuza vuto limene lilipo. Akuti mukaitanidwa ku ntchito ya kalabu, funso loyamba limakhala lakuti, "Kuli alawansi?" Akayankha kuti kulibe, pagulu la WhatsApp pamangoti zii. Funso limenelo tibwererako. Poyamba ndiloleni ndikuuzeni za sitima zapamtunda.

Ku Wales, dera lina la Britain, kuli kanjanji kotchedwa Talyllyn. Kamayambira m'tauni ya Tywyn m'mphepete mwa nyanja n'kulowera kumapiri, mtunda wa makilomita pafupifupi 12 basi. Anakamanga mu 1865 kuti kazinyamula miyala ya sileti kuchokera kumgodi wa Bryn Eglwys. Ndi miyala imene amafolera nyumba kumeneko, mtundu womwewo wa masileti amene agogo athu ankalembapo kusukulu. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ziwiri ndi mamilimita 686, pamene njanji yathu yodutsa ku Limbe ndi 1,067. Ndiye muone kuchepa kwake.

Mgodi uja unatsekedwa mu 1946. Mwini njanjiyo, Sir Henry Haydn Jones, analonjeza kuti sitima iziyendabe iye ali moyo, ndipo anamwalira mu 1950. Aliyense ankadziwa chotsatira: kuzula njanji, kuduladula mainjini n'kukagulitsa pasikelo ngati zitsulo zakutha. Koma munthu wina dzina lake Tom Rolt, injiniya komanso wolemba mabuku, anaitanitsa msonkhano ku Birmingham mu Okutobala chaka chomwecho. Anthu anagwirizana kuti aitenge njanjiyo, aziyendetsa okha pa nthawi yawo yopuma. Pa 14 Meyi 1951 sitima yawo yoyamba inanyamuka. Imeneyi ndiyo njanji yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa ndi kuyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka.

Musaganize kuti analandira chinthu chabwino. Mitengo yapansi pa njanji inali yowola, moti m'malo ena zitsulo zinkangogwiridwa ndi udzu ndi dothi. Mainjini analipo awiri, Talyllyn ya 1864 ndi Dolgoch ya 1866, koma yoyenda inali Dolgoch yokha, nayonso yotopa. Anagula ena awiri kunjanji ya Corris, yomwe inali itatsekedwa kale, pa mapaundi 25 iliyonse. Dolgoch inapita kokakonzedwa mu 1954 n'kubwerako mu 1963. Zaka 9, abale, kudikira injini imodzi. Lero mainjini awiri akale aja alipobe, ndipo akakhala kuti sali mushedi yokonzera amakoka mabogi odzaza alendo.

Njanji zoterezi tsopano zilipo zambiri ku Britain, ndipo ina ili pafupi ndi kumene ndimakhala. Ndinapitako tsiku lina chifukwa chosowa wocheza naye. Nditalembetsa kuti ndizithandiza, m'mutu mwanga ndinali nditadziona kale ndili pamalo a dalaivala, ndikuliza wezulo, wina akundijambula kuti anzanga kuno aone. Tsiku loyamba anandipatsa sanza, chitini cha palafini ndi fosholo. Anandilozera pansi pa injini, m'dzenje, n'kundiuza kuti ndichotse phulusa kenako ndipukute zitsulo zonse zoyendetsa mawilo. Ndinatuluka mmenemo ngati wootcha makala. Loweruka lotsatira, chimodzimodzi. Miyezi inatha ndili pa sanza.

Ndinadandaula kwa mkulu wina wa zaka za m'ma 70 amene ankatiyang'anira. Iye anangondifunsa kuti, "Popukuta lero waona chiyani?" Ndinati sindinaone kanthu. Ananditengera pansi pomwe ndinachoka, n'kundionetsa bawuti ina yomwe inali itayamba kumasuka. Ndinali nditaipukuta bwinobwino mpaka kuwala, osaona kuti ikugwedera. Anati wopukuta ndiye maso a injini, chifukwa ndiye amagwira chitsulo chilichonse ndi manja. Ndinachita manyazi kwambiri tsiku limenelo.

Kuti mumvetse chifukwa chake amaumirira chonchi, injini ya nthunzi imagwira ntchito motere. Mumasonkha moto wa malasha. Kutentha kwake kumadutsa m'mapaipi ambirimbiri amene ali m'kati mwa boyila yodzaza madzi. Madzi akawira, nthunzi imapanikizika, ndipo ikatsegulidwa imakankha mapisitoni, mapisitoni amakankha zitsulo zija, mawilo n'kuyamba kuzungulira. Moto wake suyatsidwa mwaphuma. Pamatenga maola angapo, chifukwa chitsulo chikatentha mwadzidzidzi chimang'aluka. Wosonkha moto amayang'ana kagalasi koonetsa madzi nthawi zonse, popeza madzi akachepa denga la ng'anjo limatha kufewa, ndipo pamenepo anthu angafe. N'chifukwa chake boyila amaiyeza chaka ndi chaka, ndipo pakatha zaka pafupifupi 10 injini yonse amaiphwasula n'kuona chilichonse. N'chifukwa chakenso munthu amayamba ndi kupukuta, kenako kusonkha moto, kenako kuyendetsa, ndipo sitepe iliyonse ili ndi mayeso ake. Ine mpaka lero sindinafike pa udalaivala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Zipangizo za mainjini amenewa sizigulidwa musitolo. Chitsulo chikatha, wina ayenera kusula china kapena kuchisema pamakina, kutengera chakalecho. Mushedi yathu munthu amene ankadziwa kupala mabeyaling'i ndi dzanja kuti akhale bwino pa ekiselo anali mkulu yemwe uja yekha. Chaka china anadwala, manja anayamba kunjenjemera. Injini imene tinkakonza inakhala miyezi ingapo osakhudzidwa. Atapezako bwino anabwera, anakhala pampando, n'kuitana achinyamata atatu, ine mmodzi mwa iwo. Ankangoloza ndi chala, ife tikupala, kupaka utoto wabuluu woyezera, kuyesa, kupalanso. Ndikalakwitsa ankati ndiyambirenso. Panopa anatisiya. Injiniyo ikuyenda, ndipo mtsikana wina mwa atatu aja ndi amene akuphunzitsa ena.

Tsopano tibwerere ku alawansi. Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: "Achimwene, azungu amenewo ali ndi penshoni, amadya katatu. Ife tikatha tsiku pa ntchito yaulere, sopo tigula ndi chiyani?" Funsolo ndi loona, sindikulipeputsa. Amene muli ndi ganyu Loweruka, pitani ku ganyu, palibe angakunyozeni. Koma tinene zoona, ambiri a ife Loweruka m'mawa timakhala pafoni kapena pa bawo. Ndipo mushedi muja sanali okalamba okha. Munali ana asukulu, amayi, anyamata osowa ntchito. Mnyamata wina amene tinkapukuta naye anapeza ntchito pafakitale ina chifukwa pomufunsa mafunso anatha kufotokoza mmene amayezera chitsulo, ndipo anali ndi kalata ya akuluakulu amene anamuona akugwira ntchito zaka ziwiri osajomba. Sindikulonjezani kuti aliyense zidzamuyendera choncho. Ndikunena kuti luso limene lalowa m'manja mwanu palibe angakulandeni.

Nafenso tili ndi mbiri ya njanji. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Mukapita kunyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri mukaona injini ya nthunzi itaima panja. Ndi angati muno munapitako? Ndikuona manja awiri. A komiti, konzani ulendo. Mukafika musakangojambulitsa, mukagwade muone mmene zitsulo zija zinalumikizirana.

Sindikuti mawa tikadzutse sitima. Kalabu ino ilibe njanji. Koma ndisanalowe muno a wapampando ananditsegulira kachipinda kosungira katundu. Muli makina osokera awiri amene anaima kalekale, njinga zitatu zopanda matcheni, ndi wilibala yothyoka mwendo. Zonsezo zikudyedwa ndi dzimbiri pamene tikulemba makalata opempha zatsopano. Ndamvanso kuti pamsika pathu pano pali abambo ena achikulire, amene akhala akukonza makina osokera kuyambira ife tisanabadwe, ndipo maso awo ayamba kuvuta. Dzulo ndinapita kukawaona. Ndinawafunsa ngati pali wachinyamata amene akuphunzira kwa iwo. Anaseka, n'kunena kuti palibe anabwerapo kudzafunsa. Avomera kubwera Loweruka likudzali.

Ndiye pempho langa ndi ili. Loweruka, 8 koloko m'mawa, bwerani ndi zovala zoti zingade. Aliyense atenge sanza. Amene muli ndi sipanala kapena sikuludalaiva kunyumba, bwerekani. Palafini ndi oyilo ndigula ine. Atsikana, musasiyire anyamata, ndipo anyamata musaganize kuti makina osokera ndi a atsikana. Tsiku loyamba mwina tidzangomasula, kupukuta ndi kuyala tizitsulo pamphasa m'ndondomeko yake, abambo aja akutiuza dzina la chilichonse. Wina abwere ndi kope azilemba, chifukwa zimene adzanene sizili m'buku lililonse.

Alawansi kulibe. Ndanena poyera kuti wina asadzati ananamizidwa. Ine ndidzafika 7 koloko kudzatsegula, ndipo ndikadali kuno milungu itatu. Ndikufuna ndisananyamuke ndimve makina amodzi akulira.



Amene mubwere Loweruka, lembetsani dzina kwa mlembi wa kalabu pofika Lachinayi kuti tidziwe kuchuluka kwa tiyi.