Galimoto ya Dizilo Ikafooka Pambuyo pa Kukonzetsa Pampu

Madzulo ano tikambirane za bvuto limene lisowetsa tulo eni ace a magalimoto a dizilo onyamula katundu ndi anthu, monga a mtundu wa Toyota Hiace amene tiwaona tsiku ndi tsiku pa mseu wa Kitwe ndi Ndola. Munthu wacotsa pampu ya mafuta, wapereka ndalama zambiri kwa okonza, ndipo aibwezera m'malo mwace. Injini ilira ndithu, koma pofika pa citunda galimoto ifooka ngati ng'ombe ya m'cilimwe. Mwini wace athamangira kukatukwana okonza pampu, pamene nthawi zambiri colakwa cagona pa kabwezeredwe kace.

Poyamba tikumbuke umo injiniyi igwirira nchito. Rudolf Diesel anaonetsa injini yace yoyenda bwino mu 1897, ndipo kampani ya Bosch inayamba kupanga mapampu ace ambirimbiri mu 1927. Injini ya dizilo iribe mapulagi oyatsa moto. Ifinya mpweya kufikira utatentha koposa, ndipo pamenepo pampu itumiza mafuta m'kati, nayaka okha. Cotero injini ifuna zinthu zitatu: mafuta okwanira opanda mpweya, mpweya woyera wokwanira, ndi kuti mafutawo afike pa nthawi yace. Cimodzi cikasowa, mphamvu yatha.

Yambani ndi kupenya utsi, pakuti utsi sunama. Utsi wakuda unena kuti mafuta acuruka kapena mpweya wacepa. Onani sefa ya mpweya. Utsi woyera woyabwa m'maso, pamodzi ndi kubvuta kulira m'mawa, unena kuti mafuta afika mocedwa, kapena muli mpweya m'mapaipi. Ngati utsi palibe koma galimoto iribe mphamvu, injini iri ndi njala.

Za njalayi, yambani ndi zosalira ndalama. Wina aponde moto kufikira pansi, injini iri yozima, ndipo inu mupenye ngati kamkono ka pa pampu kafika kumapeto kwace. Nthambo yace ikamangidwa yolenda, galimoto siingapeze mphamvu yonse, cinkana muponde bwanji.

Kenaka funani mpweya m'mafuta. Ikani kapaipi koonekera m'kati pakati pa sefa ya mafuta ndi pampu, ndi kuliza injini. Mukaona thobvu, dziwani kuti pena pace pali polowa mpweya. Kawirikawiri ndi mawashala amkuwa akale amene abwezeredwa m'malo mwa atsopano, kapena paipi yong'aluka. Malo otere sadontha nthawi zonse, cifukwa pampu ikoka, siikankha. Sinthaninso sefa ya mafuta, pakuti litsiro limene linaononga pampu poyamba lingakhale likali m'thanki. Kuti mutsimikize, patsani pampu mafuta oyera kucokera m'cigubu. Mphamvu ikabwerera, colakwa ciri kumbuyo, ku sefa, ku mapaipi kapena ku thanki.

Pali kanthu kena kamene kanyenga ndi amisiri omwe. Pa mapampu ozungulira a mtundu wa VE pali mabauti awiri obooka ofanana maonekedwe, lina lolowetsa mafuta, lina lobwezera otsala ku thanki. Lobwezeralo liri ndi kabowo kakang'ono ndithu, ndipo pamutu pace palembedwa OUT. Mukawasinthanitsa, injini idzalira bwino poima, koma pa mseu idzakomoka ndi njala. Ngati injini iri ndi turbo, onaninso kapaipi ka mpweya kopita pamwamba pa pampu; kakaiwalika, pampu siionjeza mafuta pokwera phiri.

Zonsezi zikakhala bwino, tsono ganizani za nthawi. Pa injini zina pampu iyendetsedwa ndi lamba wa mano, ndipo pa magudumu ace pali zizindikiro zoyenera kulingana. Lamba akalumpha dzino limodzi lokha, mphamvu icepa. Mafuta akafulumira, injini igogoda ngati nyundo. Akacedwa, itentha ndi kufuka. Iyi ndi nchito ya makanika amene ali ndi cipangizo coyesera, si ya kungoyerekeza ndi khutu ai.

Ndikucenjezeni pa zinthu ziwiri. Musamasule sikuluu yomatidwa ndi cidindo kuti muonjeze mafuta. Mudzangogula utsi, mudzataya citsimikizo ca okonza, ndipo injini ingathamange yosagwirika kufikira itasweka. Caciwiri, musaike dzanja pa paipi ya injekita pofuna podontha. Mafutawo aturuka ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lace, cinkana lioneke laling'ono, lifuna cipatala nthawi yomweyo. Pa injini zatsopano za common rail mphamvuyo ipitirira mabaa 1,500; mapaipi ace musawakhudze konse injini iri kulira, ndipo zolakwa zace ziwerengedwa ndi kompyuta.

Mukatsata zonsezi koma galimoto ikali yofooka, pamenepo bwererani kwa okonza pampu ndi mtima wofatsa, mutanyamula risiti ndi mainjekita omwe, kuti akaziyese pamodzi pa makina ao. Muwauze zonse zimene mwayesa kale, ndipo adzakumverani monga munthu wodziwa. Galimotoyo ndiyo khasu lanu, ndipo ana adyera pomwepo. Fulumirani kupenya, cedwani kumasula.