NGALAWA YA NKHONDO IMENE INAPANGIDWA KU BOMBAY

Inu a ku Kafue Estates amene mumaona asodzi alikupalasa pa mtsinje wa Kafue mudziwa kuti bwato likhalitsa kapena kuola msanga cifukwa ca mtengo umene analisema. Mlandu womwewo unasautsa Angelezi pamene anali kupanga ngalawa zao za nkhondo zoyenda ndi matanga.

M'caka ca 1782 Angelezi anagwira ngalawa ya Afalansa dzina lace Hébé. Inali ya mtundu wochedwa frigate, ndiyo ngalawa yaliwiro yozonda adani ndi kuperekeza zombo za malonda. Amisiri ataiyesa anaona kuti mapangidwe ace apambana ao, ndipo sanacite manyazi kutengera nzeru za mdani. Mu 1800 anatsitsira m'madzi ku Chatham ngalawa yofanana nayo yochedwa Leda, ya mizinga 38, yotalika mapazi 150. Pambuyo pace anapanga zina zoposa makumi anai za mtundu womwewo. Imodzi mwa izo, Shannon, inagonjetsa Chesapeake ya Amereka pa 1 June 1813 nthawi yosafika mphindi 15.

Koma ngalawa imodzi inali kudya mitengo ya oak yambirimbiri, ndipo nkhondo ya Napoleon inacepetsa mitengoyo ku Mangalande. Tsono anatembenukira ku India, kumene kuli teak, mtengo wamafuta wosaola msanga, wolimba ngati mukusi umene anali kuceka ku Mulobezi. Nchitoyo inacedwa, pakuti zojambula zace zinali m'ngalawa ya Java imene Amereka anaiononga mu December 1812, ndipo anacita kutumiza zina.

Mmisiri wamkulu wa ku Bombay, Jamsetjee Bomanjee Wadia, anakhomera msomali wa siliva pa msana wa ngalawayo monga mwa mwambo wa kwao. Inalowa m'madzi mu October 1817, nichedwa Trincomalee. Nkhondo inali itatha kale, kotero inangokhala padooko zaka pafupifupi 30 isanatumidwe ku nyanja za Amereka.

Zinzace za oak zinaphwasulidwa, kupatula Unicorn ya 1824 imene iri ku Dundee. Iyo anailimbitsa ndi zitsulo m'malo ena pakusowa matabwa okhota, ndipo siinapite konse kunkhondo. Trincomalee ikuyandamabe ku Hartlepool, ndipo matabwa ace ambiri ndi omwe aja anasema amisiri a ku Bombay.